Dokotala Woyenda M'makomo: Masazumi Harada ndi Nyanja ya Minamata

Amphaka ndiwo adayamba. Cha m'ma 1953, m'midzi ya asodzi ya Tsukinoura, Yudo ndi Modo, kum'mwera kwa tawuni ya Minamata ku Japan, anthu adaona amphaka awo akuchita zachilendo. Mphaka ankayenda dzandidzandi, dovu lili chuchuchu, kenaka n'kuyamba kuzungulirazungulira, kudumpha, kudziwombetsa kukhoma, mwinanso kukadziponya m'nyanja. Akhwangwala ankangogwa okha ali mkati mouluka. Pofika mu 1954 amphaka adali atatheratu ku Modo, makoswe n'kuswana mpaka kumadya maukonde, ndipo nyuzipepala ya ku Kumamoto idailemba nkhaniyo monga dandaulo la asodzi ovutika ndi makoswe.

Asodziwo ankadziwa kuti m'madzimo muli kanthu. Ankadziwa kuti boti likakhala masiku angapo padoko la Hyakken, pamene ngalande ya fakitale inkathira, tinkhono tomata kunsi kwa boti tinkafa tonse. Ena ankachita kukakocheza dala pamenepo kuti asavutike n'kupala. Koma nsomba za m'nyanjamo ankadyabe m'mawa, masana ndi madzulo, poti ndiwo ina kunalibe.

Fakitaleyo inali ya kampani ya Chisso. Idafika ku Minamata mu 1908 ndi injiniya wa zamagetsi dzina lake Shitagau Noguchi, pa nthawi imene malowo anali mudzi wa asodzi, alimi ndi opanga mchere. Akuluakulu a m'deralo adachita kuinyengerera kuti ibwere. Idayamba ndi carbide ndi feteleza, n'kukula mpaka kukamanga mafakitale akuluakulu ku Korea m'zaka zimene Japan inkalamulira dzikolo. Japan itagonja pankhondo mu 1945, za ku Korea zonse zidapita, ndipo maso a kampani adatsalira pa Minamata. Tawuniyo idakulira m'chikhatho cha fakitale. Gawo lalikulu la misonkho linkachokera ku Chisso, chipatala chodalirika chinali cha Chisso, ndipo meya amene adasankhidwa mu 1950, Hikoshichi Hashimoto, n'kuti atakhalapo bwana wa fakitale yomweyo. Wolembedwa ntchito ku Chisso ankayenda mutu uli m'mwamba. Msodzi anali munthu wa kumapeto, amene akadandaula za kufa kwa nsomba ankapatsidwa kandalama kuti akhale chete, monga zidachitikira mu 1926 ndi mu 1943.

Mu 1932 fakitale idayamba kupanga acetaldehyde, mankhwala ofunika popanga zinthu za pulasitiki. Kuti ntchitoyo iyende ankathiramo mercury. Mkati mwa matankiwo gawo lina la mercury linkasanduka methylmercury, chiphe chimene chikalowa m'thupi chimalunjika ku ubongo ndipo chimatenga miyezi kuti chituluke. Madzi otsukira ankapita nacho m'nyanja. Tizilombo ta m'madzi tinkachitola, tinsomba n'kudya tizilomboto, nsomba zazikulu n'kudya tinsombato, ndipo pamlingo uliwonse chiphecho chinkaunjikana. M'chaka choyamba fakitale idapanga matani 210 a acetaldehyde. Mu 1960 idapanga matani oposa 45,000.

Pa 21 April 1956, mtsikana wa zaka zisanu adabwera naye kuchipatala cha Chisso akulephera kuyenda, lilime litalemera, akugwa n'kumaphupha. Patangodutsa masiku ochepa mng'ono wake adagonekedwanso ndi zizindikiro zomwezo, ndipo mayi a anawo adauza madokotala kuti mwana wa nyumba yoyandikana nawo alinso chimodzimodzi. Pa 1 May mkulu wa chipatalacho, Dr. Hajime Hosokawa, adakanena ku ofesi ya zaumoyo kuti kwabuka nthenda yosadziwika yogwira ubongo. Tsikuli ndilo limatchedwa tsiku lotulukira matenda a Minamata, ngakhale anthu anali atayamba kale kufa.

Poti odwala ankachokera m'nyumba zoyandikana, anthu adayesa kuti nthendayo ndi yopatsirana. Nyumba zidapoperedwa mankhwala, odwala adapatulidwa, eni masitolo ena sankafuna kulandira ndalama m'manja mwa abale a odwala. Madokotala a pa yunivesite ya Kumamoto adatsutsa zimenezi chaka chomwecho: pofika November 1956 adati nthendayo ikuchokera ku chitsulo china cha poizoni cholowa m'thupi kudzera mu nsomba ndi nkhono za m'nyanja. Apa mpamene nkhani ikadathera. Boma la chigawo cha Kumamoto lidafunsa unduna wa zaumoyo ku Tokyo mu 1957 ngati lingaletse kuwedza ndi kugulitsa nsomba za m'deralo potsatira lamulo la ukhondo wa zakudya. Unduna udayankha kuti palibe umboni woti nsomba zonse za m'menemo zili ndi poizoni, choncho lamulolo silingagwire ntchito. Mu September 1958 kampani idapatutsa ngalande yake mwakachetechete kuchoka ku Hyakken n'kuilozetsa kumathiriro a mtsinje wa Minamata, ndipo chiphe chidafalikira m'nyanja yonse ya Shiranui, imene m'mphepete mwake munkakhala anthu pafupifupi 200,000.

Chaka cha 1959 chidaulula zonse, n'kuzikwiriranso. Mu July akatswiri a ku Kumamoto adalengeza kuti wapalamula ndi mercury. M'matope a pafupi ndi ngalande adapezamo mercury wokwana makilogalamu awiri pa tani iliyonse. Mwezi womwewo Dr. Hosokawa adayamba kuthira madzi ochokera kumalo opangira acetaldehyde m'chakudya cha mphaka amene m'kaundula wawo adali nambala 400. Kumayambiriro kwa October mphakayo adayamba kuzungulira ndi kuchucha dovu. Dokotalayo atauza mabwana ake, adamuletsa kupitiriza, ndipo zotsatirazo adazikhalira. Kunja nako kudatuluka akatswiri ena ndi nkhani zawo: wina adati ndi mabomba amene asilikali adataya m'nyanja nkhondo itatha, pulofesa wina wa ku Tokyo adati ndi poizoni wa nsomba zovunda. Pa 2 November asodzi okwiya adathyola geti la fakitale n'kuswa katundu, ndipo amene adamangidwa n'kuzengedwa mlandu ndi iwowo.

Mu December kampani idatsegulira makina otchedwa Cyclator, amene idati akuyeretsa madzi, ndipo mkulu wa kampani adamwa tambula ya madzi pamaso pa alendo. Makinawo sankachotsa mercury wosungunuka m'madzi, komanso madzi a ku acetaldehyde sankadutsamo n'komwe. Pa 30 December mabanja a odwala, atatopa ndi njala ndi ngongole, adasainira chipepeso: mayeni 300,000 kwa banja la womwalira, 100,000 pachaka kwa wodwala wamkulu, 30,000 pachaka kwa mwana. M'pangano lomwelo mudali mawu oti ngakhale zitadzadziwika m'tsogolo kuti fakitale ndiyo idayambitsa matendawo, iwo sadzapemphanso kanthu. Kampani idalembetsa mawu amenewa ikudziwa za mphaka uja.

Choncho pamene Masazumi Harada adafika ku Minamata mu 1961, nkhani ya Minamata inali yotha kale m'maso mwa boma, a nyuzipepala ndi madokotala ambiri. A Harada adabadwa mu 1934 m'chigawo cha Kagoshima, adaphunzira udokotala pa yunivesite ya Kumamoto, ndipo panthawiyo anali mnyamata wa zaka 26 wophunzira za matenda a ubongo ndi a maganizo. Adatumidwa kukapima odwala amene anali atalembedwa kale. Mmalo modikira kuti odwala awapeze kuchipatala, adayamba kukwera ndi kutsika timisewu ta m'midzi ya asodzi, khomo ndi khomo.

Sadalandiridwe ndi manja awiri. Iwo eni adalemba pambuyo pake kuti mabanja ena ankawabweza pakhomo, akumati madokotala a kuyunivesite awapima kokwanira popanda wochira, ndipo ena ankaopa kuti dzina la mudzi likatulukanso m'nyuzipepala nsomba sizigulidwa. Chimene chidawadzidzimutsa kwambiri chinali umphawi: nyumba zong'ambika zitseko, odwala ogona pa mphasa zonyowa, kunja nyanja ili mbee, yokongola ngati mulibe kanthu.

Tsiku lina adapeza anyamata awiri apachibale akusewera pakhonde. Onse awiri manja anali okhota, khosi losalimba, mawu osamveka. A Harada adafunsa mayi awo ngati onsewo ali ndi matenda a Minamata. Mayiwo adayankha kuti wamkulu yekha ndiye adalembedwa. Wamng'ono madokotala adati adangobadwa wolumala, chifukwa sadadyepo nsomba. Dokotala wachinyamatayo adavomereza, poti ndi zimene buku linkanena. Kuvomerezako kudawakwiyitsa mayiwo. Adamukumbutsa kuti bambo a anawo adafa ndi nthenda yomweyo, mwana wamkulu akudwala yomweyo, ndipo iwo ankadya nsomba zomwezo m'mbale imodzi ali ndi pakati pa wamng'onoyo. Ngati iwo sadadwale kwambiri, ndiye kuti mwanayo ndi amene adawatengera poizoni wawo ali m'mimba. Adamuuzanso kuti akayende m'midzimo akaone ana ena obadwa zaka zomwezo.

Sayansi ya nthawiyo inkaphunzitsa kuti nsengwa imateteza mwana wosabadwa, kuti poizoni wa m'magazi a mayi sadutsa pamenepo. Madokotala ena ku Kumamoto anali atayamba kale kukayikira, koma palibe amene adali ndi umboni wogwirika. A Harada adapita kumene adalozeredwa. M'midzi itatu ija adapeza kuti mwa ana obadwa pakati pa 1955 ndi 1958, oposa 5 pa 100 alionse anali olumala chotere, pamene kwina konse m'dzikolo kulumala kwa mtunduwu kunkagwira ana awiri kapena atatu pa 1,000. Adawapima mmodzimmodzi n'kuona kuti kulumala kwawo kunali kofanana modabwitsa, mwana uyu ndi uyo ngati a mimba imodzi, pamene ana olumala pa zifukwa zosiyanasiyana amasiyananso kalumalidwe. Amayi awo, amene ankaoneka athanzi, atapimidwa bwino adapezeka ndi dzanzi m'manja ndi m'mapazi.

Umboni wa dokotala wachinyamata sudakwanire kusuntha komiti yovomereza odwala. Padafunika mitembo. Mwana mmodzi adamwalira mu 1961, wina mu 1962, ndipo Pulofesa Tadao Takeuchi ndi anzake atapima ubongo wa anawo adapeza kuwonongeka kwa methylmercury. Kumapeto kwa November 1962 komiti idavomereza ana awiri omwalirawo ndi ena 16 amoyo kuti adadwala ali m'mimba. Lero zimadziwika mmene chiphechi chimadutsira: chimadziphatika ku kachakudya kena ka m'magazi kotchedwa cysteine, ndipo ziwirizo zikaphatikana zimafanana ndi chakudya china chimene thupi limachilowetsa mwadala mu ubongo ndi mwa mwana wosabadwa. Thupi la mayi linkapatsira mwana poizoni likuyesa kuti likumudyetsa.

Funso lina lidatsala: anawo adalandira mercury wochuluka bwanji, popeza zaka zinali zitadutsa ndipo tsitsi lawo la ukhanda lidametedwa kalekale? Yankho lidali m'makabati a amayi. Kwathu kuno mchombo wa khanda ukagwa, akuluakulu amakautaya pobisika. Ku Japan amauumitsa n'kuusunga m'kabokosi kakang'ono kamtengo, atalembapo dzina la mwana ndi tsiku lobadwa, ndipo umakhala m'nyumbamo zaka makumimakumi. A Harada adayendanso m'makomo kupempha timabokosito. Si chinthu chimene mayi angapatse mlendo wamba, ndipo apa mpamene zaka zoyenda pansi zija zidabala zipatso. Michomboyo itapimidwa n'kuindandalika motsata chaka chobadwa, mercury wa m'menemo ankakwera ndi kutsika motsatana ndi kuchuluka kwa acetaldehyde amene fakitale inkapanga. Zotsatirazi zidatuluka m'magazini ya sayansi ya Nature mu 1975.

Zonsezi zikuchitika, ngalande inkathirabe. Mu 1965 nthenda yomweyo idabuka ku Niigata, m'mphepete mwa mtsinje wa Agano, kuchokera kufakitale ya kampani ina, Showa Denko. Chisso idasiya kupanga acetaldehyde ndi mercury mu May 1968, njira yatsopano yopangira mankhwalawo kuchokera ku mafuta itaipitirira. Patatha miyezi inayi, pa 26 September 1968, boma la Japan lidalengeza kuti matenda a Minamata adayamba ndi madzi a fakitale. Lidadikira zaka 12, ndipo n'kovuta kukhulupirira kuti masiku awiriwa adangoyandikana mwangozi.

Mu June 1969 mabanja 29 adakasuma kukhoti la ku Kumamoto. A Harada adalowa m'kagulu ka anthu wamba ndi ophunzira, momwe munalinso katswiri wa malamulo ndi ogwira ntchito ku Chisso amene adatembenukira kampani yawo, kokonza mfundo zosonyeza kuti kampani idalakwa. Dr. Hosokawa, ali gone ndi khansa m'chipatala mu July 1970, adapereka umboni wa mphaka nambala 400, n'kumwalira patatha miyezi itatu. Mu 1972 a Harada adatulutsa buku lofotokozera anthu wamba za matendawa, ndipo chaka chomwecho adaperekeza odwala ku Stockholm, kumene kunkachitika msonkhano woyamba wa United Nations wa zachilengedwe. M'gulumo mudali Shinobu Sakamoto, mtsikana wa zaka 15 amene adadwala ali m'mimba. Pa 20 March 1973 khoti lidagamula kuti Chisso ndi yolakwa, lidafafaniza pangano la chipepeso lija, ndipo lidalamula chipukutamisozi cha mayeni pakati pa 16 miliyoni ndi 18 miliyoni pa wodwala aliyense.

Chigamulochi chidatsegula nkhondo ina, yaitali kuposa yoyamba ija, ndipo ndi imene idadya moyo wonse wa a Harada. Ndalama zitakula chotere, funso lidakhala loti wodwala weniweni ndani.

Madokotala oyamba adajambula chithunzi cha nthendayi kuchokera kwa odwala kwambiri, mothandizidwa ndi lipoti la mu 1940 la anthu anayi amene adapuma methylmercury pafakitale ina ku England: dzanzi, kudzandira, kuona patsogolo pokha m'mbali muli mdima, kugontha, lilime kulemera. Amene sadali ndi zonsezi ankabwezedwa. Nawonso a Harada poyamba ankapima ndi muyezo womwewo, mpaka odwala eni ake adawapanikiza ndi mafunso. Ankakonda kusimba za funso limodzi limene lidawasowetsa chonena: munthu amene adagwapo sitiroko akadya nsomba za poizoni, kodi mercury amamulambalala? Komiti inkati wodwala akapezeka ndi nthenda ina, monga sitiroko, shuga kapena kutha kwa mafupa a msana, ndiye kuti dzanzi lake lafotokozeka. Ofunsawo ankaona zimene madokotala sankafuna kuona, kuti munthu mmodzi angathe kudwala ziwiri.

Kuyambira pamenepo a Harada adaima pa mfundo imodzi. Ankati anthu a ku England aja adapuma chiphe kwa kanthawi pantchito, pamene ku Minamata mudzi wathunthu, kuyambira khanda mpaka gogo, udachidya kwa zaka zambiri, ndipo odwala kwambiri aja anali kansonga chabe ka gulu lalikulu. Kwa iwo, munthu amene ankakhala m'mphepete mwa Shiranui, amene ankadya nsombazo, ndipo ali ndi dzanzi la kumapeto kwa manja ndi mapazi, anali wodwala matenda a Minamata. Boma lidapita kwina. Mu 1977 lidakhwimitsa malamulo n'kunena kuti pazikhala zizindikiro zingapo pamodzi, ndipo ofunsira masauzande adakanidwa. Aphungu ena a m'chigawocho adafika ponena poyera kuti pali odwala abodza ongofuna ndalama. Pofika March 2001, ovomerezedwa ku Kumamoto ndi Kagoshima anali 2,265, ndipo ambiri mwa iwo anali atamwalira kale. Pamene boma lidakonza zothetsa milandu mu 1995, anthu oposa 10,000 adalandira mayeni 2.6 miliyoni aliyense, koma osatchedwa odwala matenda a Minamata.

A Harada adakhala mboni ya odwala m'makhoti kwa zaka zambiri, ndipo anzawo ena ankawanena kuti ataya uchete woyenera wasayansi. Yankho lawo linali loti pakati pa kampani yamphamvu ndi msodzi wosauka, dokotala woima pakati wasankha kale mbali ya wamphamvuyo. Pali chowatsutsa nacho: dzanzi ndi chizindikiro chimene wodwala amachita kunena yekha, ndipo matenda ena amabweretsanso dzanzi. Koma njira yothetsera mkanganowu inalipo, yopima anthu onse a m'mphepete mwa nyanjayo n'kuwayerekeza ndi a kwina, ndipo amene ankaipempha chaka ndi chaka anali a Harada. Amene ankaizemba linali boma.

Minamata idawatsegulira makomo a matsoka ena. Pa 9 November 1963 mgodi wa malasha wa Miike udaphulika n'kupha anthu 458, ena mazana n'kupuma mpweya wa carbon monoxide umene udawononga ubongo wawo. A Harada adawatsatira opulumukawo kwa zaka pafupifupi 40, akutsutsa zoti adachira ndipo akungonamizira. Adapimanso anthu amene adadya mafuta ophikira osakanikirana ndi mankhwala a PCB mu 1968, ndi a m'mudzi wa Toroku amene adadwala ndi arsenic wa mumgodi. Mu 1975 adapita ku Canada, kwa eni nthaka a ku Grassy Narrows ndi Whitedog, kumene fakitale ya mumzinda wa Dryden idataya pafupifupi matani 10 a mercury mumtsinje pakati pa 1962 ndi 1970. Adapezako dzanzi lomwe lija, umphawi womwe uja, ndi akuluakulu a boma okana mofanana, ndipo adabwererako mu 2002, 2004 ndi 2010. Maulendo amenewa ndiwo adawapatsa ganizo limene ankalibwereza kawirikawiri, loti poyamba ankayesa kuti anthu amasalidwa chifukwa adwala ndi zonyansa za mafakitale, koma adadzaona kuti zonyansazo zimatayidwa kumene kuli anthu osalidwa kale.

Adafikanso kuno ku Africa. Mu 1996 ndi 1997 iwo ndi anzawo adapima tsitsi la okumba golide 150 ndi asodzi 103 pamodzi ndi mabanja awo m'mbali mwa nyanja ya Victoria ku Tanzania. Okumba golide ang'onoang'ono amasakaniza mercury ndi dothi losinja kuti agwire golide, kenaka n'kuwotcha kampira kotsalako, utsi wake n'kumaupuma. Ndi njira yomwe imagwiritsidwanso ntchito m'migodi ing'onoing'ono ya ku Zimbabwe ndi ku Manica, ku Mozambique. Ambiri mwa opimidwawo adapezeka ndi mercury wochepa, ngakhale okumba ena anali ndi zizindikiro za utsiwo. Chodabwitsa chinali choti ena mwa amene tsitsi lawo lidali ndi mercury wochuluka zedi sadagwirepo fosholo mumgodi. Anali amayi osamba sopo woyeretsa khungu wokhala ndi mercury. Gululo lidakatsatira nkhani ya sopoyo ku Kisumu, ku Kenya, n'kuilemba mu 2001.

Kunja ankalemekezedwa, mu 1994 bungwe la United Nations loona zachilengedwe lidawapatsa mphotho ya Global 500. Kwawo, pa yunivesite ya boma ya Kumamoto, adakhala wachiwiri kwa pulofesa kuyambira m'ma 1970 mpaka adapuma ntchito mu 1999, mpando wa upulofesa osaulawa. Palibe kalata imene idanenapo chifukwa, koma munthu amene ankaima m'khoti kutsutsa boma limene linkalipira yunivesiteyo sakadayembekezera zambiri. Upulofesa adakaupeza pa yunivesite yoima payokha ya Kumamoto Gakuen, m'dipatimenti yoona za chisamaliro cha anthu, kumene mu 2002 adayambitsa maphunziro a Minamata. M'kalasi imeneyo asodzi, odwala, maloya ndi atolankhani ankaima kutsogolo n'kuphunzitsa, chifukwa iwo ankati vuto lidakula pamene nkhani ya mudzi wonse idasiyidwa m'manja mwa madokotala okha.

Nyanja nayo idakonzedwa mwa njira yake. Pakati pa 1977 ndi 1990 matope a poizoni okwana ma cubic mita 1.5 miliyoni adakokedwa n'kukwiriridwa kuseri kwa zipupa zachitsulo, pamwamba pake n'kupangapo paki ya mahekitala 58. Mercury akadali pansi pa kapinga ameneyo. Ukonde wotchinga nsomba kuti zisatuluke m'deralo udachotsedwa mu 1997. Mu October 2004 khoti lalikulu la Japan lidagamula kuti boma la dziko ndi la chigawo cha Kumamoto adalakwa posaletsa ngalande ija kuyambira kumapeto kwa 1959. Lamulo lina la mu 2009 litatsegula mwayi wa chithandizo, ofunsira adapitirira 60,000, chiwerengero chimene chidasonyeza kuti dokotala uja sankakokomeza.

A Harada adamwalira ndi khansa ya m'magazi pa 11 June 2012, kunyumba kwawo ku Kumamoto, ali ndi zaka 77. Patatha miyezi khumi, mu April 2013, khoti lalikulu lidavomereza kuti mayi wina amene anali ndi dzanzi lokha adali wodwala matenda a Minamata. Mayiyo adafunsira mu 1974, adamwalira mu 1977, ndipo pempho lake lidakanidwa mu 1995. Mlandu adauyendetsa ndi mwana wake. Mu October 2013 mayiko adasainira ku Kumamoto pangano la Minamata lochepetsa kugwiritsa ntchito mercury padziko lonse, limene lidayamba kugwira ntchito mu August 2017. Malamulo a 1977 aja boma silidawasinthe.

Pa 1 May 2024, utatha mwambo wokumbukira omwalira, nduna ya zachilengedwe Shintaro Ito idakhala pansi ndi magulu a odwala ku Minamata kuti imve madandaulo awo. Gulu lililonse lidapatsidwa mphindi zitatu. Bambo wina wa zaka za m'ma 80 anali mkati mofotokoza za mkazi wake, amene adamwalira asanavomerezedwe kuti ndi wodwala, pamene wogwira ntchito muundunawo adamuzimitsira maikolofoni chifukwa nthawi idakwana. Nkhaniyo itadzudzulidwa m'dziko lonse, ndunayo idabwerera ku Minamata patatha sabata imodzi kukapepesa.